Akuti ndinakhwimira maso a amayi

Ndinachoka ku Zobwe chaka chimene aliyense ankangokamba za malasha. Kulima kachewere kunali kutandikwana, ndiye ndinakwera chapa, minibasi ya ku Moatize, n'kukapeza ntchito yothira madzi m'misewu ya kumgodi kuti fumbi ligone. Ndinkakhala ndekhandekha m'kachipinda ka lendi, makhololo akuda bii, Lamlungu n'kumaimbira amayi foni. Iwo ankangoti, “Tili bwino, mwanangu.” Zoti maso awo ayamba kuchita chifunga sanandiuze.

Ndinazimva pamsika kwa mnzanga wa kumudzi: atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, akulengeza kuti ndinakhwimira maso a amayi kuti ndilemere. Umboni wake? Malata amene ndinafolera nyumba chaka chomwe amayi anayamba kupunthwa. Atsibweniwo, munthu woti sanagulirepo mlongo wake ngakhale sopo. Poti ndi eni mbumba, analetsa zopita kuchipatala, akuti matenda ochita kupangidwa salasidwa jakisoni, n'kumawafinyira amayi madzi a masamba m'maso.

Ntchito ndinaisiya. Nditafika kumudzi sindinapemphe chilolezo kwa munthu, ndinangowatenga amayi ulendo wa ku Tete. Dotolo wa maso anawadonthezera mankhwala, anawakhazika chibwano pamakina, kuwala kunang'anima, ndipo mkati mwa diso lawo munaoneka pakompyuta, mofiira ngati papaya wodula pakati, timitsempha tili yangayanga, timadontho ta magazi paliponse.

“Ndi shuga uyu,” anatero dotoloyo. “Wakhala akuboola timitsemphati kwa zaka. Lakumanzere latha. Lakumanja tiyesa, koma mwachedwa nawo kwambiri.”

Chithunzicho ndinachijambula pafoni, n'kudikira. Sindinafune kuwapeza atsibweni ali okha, ayi. Ndinadikira tsiku lomanga chiliza cha agogo, mbumba yonse itakhala pansi, ndipo ndinawaika foniyo m'manja.

“Atsibweni, ili ndi diso la mlongo wanu. Yang'anitsitsani. Mwandipezamo ine? Magazi awa ndi a shuga, ndipo amene anawaletsa chipatala ndinu.”

Foniyo inayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa azimayi. Atsibweni anangoti zyoli, kukanda pansi ndi kamtengo. Kunena zoona ndinamva kukoma, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Tikubwerera kunyumba, amayi atandigwira mkono, anandifunsa motsitsa mawu, “Ndiye dotolo uja akuti si iwe?”

Ndinati, “Amayi, inunso munakhulupirira?”

“Usadandaule, mwanangu. Ine ndinali nditakukhululukira kale. Ndinkati ngati ndi maso angawa akukudyetsa, bola uzidya.”

Zaka zonse zija amayi ankandiyankha foni mokoma, akuganiza kuti akulankhula ndi munthu amene anawachititsa khungu. Atsibweni amandipatsa moni tikakumana panjira ya kumsika. Sindiyankha, ndipo tsiku la maliro awo manda adzakumbe ena.