Timapayi Tokhala ndi Nkhope

Chaka chimenecho ndinavomera za Halowini, tsiku lija ana a kuno amavala zoopsa n'kumapempha maswiti m'makomo, chifukwa cha kutopa basi. Zaka zonse m'mbuyomo ndinkakana. Mwana wanga wamkazi, amene anabadwira konkuno ku Wolverhampton, ankayamba kundichonderera mwezi wa Okutobala ukangolowa, ine n'kumamuuza kuti ife ndi anthu opemphera, mizukwa ndi mafupa a anthu akufa si zoseweretsa. Koma atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi anaphunzira kukamba nkhani ngati loya. Anati sakagogoda pakhomo la munthu aliyense, savala chigoba kumaso, akungofuna chakudya chamadzulo cha pabanja, tonse anayi patebulo limodzi. Anandipeza nditakhala pamasitepe ndikuvula nsapato za kuntchito, mapazi atatupa, ndipo ndinangoti, "Chabwino, chita zimene ukufunazo."

Anayiwo tinali ine, amuna anga amene ankagwira ntchito muweyahausi ina yosungiramo katundu chakufupi ndi Walsall, mwanayo, ndi mng'ono wanga. Mng'ono wangayo anali atangotha miyezi iwiri chibwerereni kuchokera ku Dedza, kumene anali mphunzitsi wa pulayimale. Anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ndipo ankagona m'kachipinda kathu kakang'ono ku Bilston, dera la mu Wolverhampton momwemo, n'kumakwera mabasi awiri kupita kunyumba ya okalamba ku Walsall. Ntchito yomweyo ine ndinali nditaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kunyumba ina.

Tsikulo ndinaweruka cha m'ma thu koloko masana, shifiti yachinayi motsatizana. M'basi ndinali nditakonza kale m'mutu kuti ndikangofika ndikadziponye pasofa ola limodzi. Nditatsegula chitseko ndinapeza mwana wanga atamata thonje pamakabati a kukhitchini ngati ukonde wa kangaude, ndipo pachitseko atapachika kachigoba ka munthu kapulasitiki, mafupa ake akugwederagwedera. Patebulo anali atayala kale nyama yogaya imene bambo ake anagula pamsika, anyezi, chizi, chimanga cha m'chitini, mazira awiri ndi kapaketi ka zokometsera nyama zachilendo.

"Mum, you promised," anatero ndisanavule ndi jekete lomwe.

Iye Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingelezi. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana sofa, kenako ndinapita kukasamba m'manja.

Zimene ankafuna kuphika anaziona pafoni: timapayi ting'onoting'ono ta nyama, toikidwa m'thireyi ya mabowo khumi ndi awiri yophikira timakeke. Tina tinayenera kukhala ndi nkhope ngati za maungu osemasema aja amaika pamawindo, tina tokulungidwa ndi timizere ta mtanda ngati mtembo wa m'mabandeji, maso ake awiri akusuzumira. Ndinakazinga anyezi, ndinathira nyama, iye n'kukhuthuliramo zokometserazo. Fungo lake linali lachilendo koma labwino, lokhala ngati kanyenya amene wasochera. Manja anga anali ong'alukang'aluka chifukwa cha magolovesi ndi mankhwala osambira m'manja a kuntchito, ndiye tsabola atalowa m'ming'alumo ndinaluma mano.

Mtanda tinagula wopyapyalitsa kale, koma mwanayo anausiya pafupi ndi hita, moti unafewa n'kumamatirira kuzala. Tinaubwezera mufiriji, n'kuima kudikira. Ndikukumbuka kuti ndinatsamira sinki, maso n'kutsekeka okha ndili chiimire. Utalimba tinayamba kudula timagawo tozungulira ndi kukamwa kwa tambula. Thireyi yoyamba inatuluka yonyowa pansi chifukwa sitinakhetse mafuta m'nyama. Ine ndinati tidye choncho, iye anakana, tinakhetsa mafutawo n'kuyambiranso.

Nkhope ankadula ndi kampeni kakang'ono, lilime lili panja ngati mmene ankachitira ali kunazale. Anandipatsa kampeniko kuti nane ndiyese. Yanga inatuluka ndi maso ogwa ndi kukamwa kokhota. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere imeneyo si nkhope ya mzukwa, ndi nkhope yanga ndikamachokera kuntchito. Nane ndinaseka. Ndinali nditaiwala kuti mwana ameneyu akamaseka amafanana ndi malemu mayi anga. Tinapaka dzira pamwamba, tinalowetsa muuvuni, ndipo kwa kanthawi ndinaona ngati ndinachita bwino kuvomera.

Nthawi imeneyo ya chaka kuno kumada msanga. Pofika faifi koloko magetsi a mumsewu anali atayaka, tiana tovala zoopsa tikudutsa ndi makolo awo, tizidebe m'manja. Thireyi ya timitembo ta mabandeji inali itangotuluka, tofiirira bwino, pamene ndinamva kiyi pachitseko. Mng'ono wanga akamalowa ankayamba ndi odi ngakhale kuti ankakhala momwemo, kenako n'kupereka moni kwa aliyense. Tsikuli analowa chete.

Mwana wanga anathamanga ndi thireyi m'manja, atagwira ndi kansalu. "Aunty, look!"

Mng'ono wanga anayang'ana timapayito. Anayang'ana kachigoba kapachitseko. Anakwera masitepe ndi jekete lake, chikwama chili paphewa, ndipo tinamva chitseko cha kachipinda kake chikutsekeka.

Mwanayo anandiyang'ana, nkhope itagwa. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinapsa mtima. Ndinaganiza kuti ndi za mapemphero. Sabata yonseyo amayi a kumpingo ankatumizirana mauthenga pafoni ochenjeza za tsikuli, ndipo ndinadziwa kuti mng'ono wanga amawerenga onse. Ndinakwera masitepe ndikukonza mawu oti m'nyumba muno mwana wanga asamachititsidwe manyazi chifukwa cha ufa ndi nyama.

Ndinamupeza atakhala pabedi, jekete asanavule, nyali osayatsa.

"Iwe, n'chiyani chimenechi? Mwana wakulakwira chiyani?"

"Achemwali," anatero, "agogo aja amwalira."

Ndinadziwa amene ankanena. Anali bambo wina wokalamba wa chipinda chakumapeto, amene pa unyamata wake ankagwira ntchito yosungunula zitsulo konkuno ku Bilston. Mng'ono wanga ankamutchula pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa ndi yekhayo amene sankadandaula za kayankhulidwe kake, ndipo ankalola kudyetsedwa ndi iye yekha.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, maso ali pansi. Anati m'mawa anamumwetsa phala masipuni atatu, chakumasana n'kumupeza akupuma modukizadukiza. Nesi atabwera anangoti nthawi yakwana. Mng'ono wanga anamugwira dzanja mpaka linalemera. Kenako iye ndi mayi wina wa ku Zambia, amene ndi wamkulu wawo pashifiti, anamusambitsa, anamutseka maso, anapinda kathaulo n'kumuikira pansi pa chibwano, n'kutsegula windo monga amachitira kuno.

"Mwana wawo wamwamuna anabwera," anapitiriza. "Anaima pakhomo, anatithokoza, anatenga wotchi ndi zithunzi, basi n'kumapita. A maliro anadzawatulutsira khomo lakumbuyo kuti ena asaone. Ine ndili chiimire m'kholido, akundiuza kuti nthawi ya tiyi yakwana, ndikankhe ngolo. Ndinakankha, achemwali. Ndinagawa tiyi ndi mabisiketi. Palibe analira. Ngakhale mmodzi. Pomwe ndimaweruka n'kuti dzina lawo atalichotsa kale pachitseko."

Anapuma pang'ono.

"Ndiye m'basi monse ana odzipaka magazi abodza. Ndifike kuno, mitembo ili m'thireyi."

Ndinayankha zimene ndinayankha chifukwa ndi zimene nane ndinauzidwa kalekale. Ndinati, "Uzolowera."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Inu munazolowera?"

Ndinafuna kunena kuti ayi. Ndinayesa kukumbuka munthu woyamba amene anafera m'manja mwanga. Anali mayi, zimenezo ndikudziwa. Ndinakumbuka kuti patebulo pake panali nachesi losenda theka. Nkhope yake sinabwere, dzina lake silinabwere. Ndinayesa kukumbuka wa mwezi wathawo, n'kupeza kuti chimene ndikukumbuka ndi fomu imene ndinalemba. Ndinakhala pansi pakapeti, msana n'kutsamira chitseko. Ine sindinalire. Ndinangomva kutopa kwa zaka zonsezo kukutsikira m'mapewa.

Amuna anga anafika tili momwemo. Ndinawamva akuyankhula ndi mwana pansi, kenako anandiitana. Ndinatsika n'kuwauza mwachidule pamasitepe. Iwo ndi munthu wosachuluka mawu, ndipo anali atayenda tsiku lonse pakati pa mashelefu, nsapato zachitsulo zikadali kumapazi. Anavula chipewa, anavula nsapatozo, anakwera. Atafika pakhomo la kachipindako sanalowe. Ananjuta pakhomopo, n'kuwomba m'manja mofatsa katatu.

"Alamu, tamva zovuta zimene mwakumana nazo. Pepani. Pepani kwambiri."

Anatambasula dzanja, lina litagwira pamkono, monga timachitira pasiwa kwathu. Apo m'pamene mng'ono wanga analira. Analira mokweza, kulira kwa kumudzi, kotchula munthu. "Agogo anga ine, agogo anga ine!" Ndinaopa kuti aneba amva kudzera m'khoma, kenako ndinasiya kuopa. Amuna anga anakhala pansi pakhomo pomwepo, mutu atazolika, mpaka kulirako kunaphwa.

Nditatsikira kukhitchini ndinapeza kachigoba kaja katachotsedwa pachitseko. Thonje linali m'bini. Mwana wanga anali ataima pauvuni, maso ofiira. Anali atamva zonse. Mtanda wotsala anaudula timagawo tosalala, n'kuvindikira timapayi totsiriza popanda maso, popanda kukamwa, kungoboola kabowo kamodzi pakati kotulukira nthunzi. Anandifunsa m'Chingelezi ngati walakwa. Ndinamuuza kuti sanalakwe chilichonse, sanadziwe, nanenso sindinadziwe. Anandifunsanso kuti munthu amati chiyani m'Chichewa zikatere. Ndinamuuza, iye n'kubwereza kawiri chapansipansi.

Mng'ono wanga anatsika atasamba kumaso, atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu. Mwanayo anapita kukaima patsogolo pake, manja akusowa poika.

"Pepani, amayi aang'ono," anatero, mawu ake akupindika Chingelezi.

Mng'ono wanga anamukoka n'kumukumbatira. "Iwenso pepa, mwana wanga. Wavutika kuphika tsiku lonse."

Tinakhala patebulo tonse anayi. Amuna anga anapemphera, ndipo m'pempheromo anatchula bambo wokalamba uja ndi ana ake. Pakati pa pemphero belu la pakhomo linalira. Anamaliza kaye, kenako anadzuka n'kukapatsa tiana timene tinali pakhomo maswiti amene mwana wanga anasunga m'mbale, n'kuzimitsa nyali ya panja kuti ena asabwerenso.

Patebulo panali timapayi tosalala tija, ndi tina ta thireyi yoyamba tonyowa pansi tija, nkhope zake zitatembenuzidwira kumbale. Mng'ono wanga anatenga kamodzi, anakaluma, anatafuna nthawi yaitali.

"Tsabola wachepa," anatero.

Amuna anga anaseka, n'kupita kukatenga botolo la tsabola wa kambuzi limene mlamu wawoyo anabwera nalo kuchokera kumudzi. Mng'ono wangayo atathira anadya tinayi. Ali mkati mwa kudya anayamba kukamba za malemuyo: kuti mikono yake inali ndi timabala toyera ta moto wa zitsulo, kuti tiyi wopanda masipuni atatu a shuga ankamukankhira kutali, kuti anamuphunzitsa kunena "zikomo" koma iye ankati "zikomu" n'kumadziseka yekha. Mwana wanga ankafunsa mafunso, mng'ono wanga akuyankha m'Chichewa, iye m'Chingelezi, ndipo ankamvana bwinobwino. Ine ndinkangomvetsera, chigongono patebulo, tulo tikundilemera m'zikope. Mbale anatsuka ndi amuna anga.

Timitembo ta mabandeji tija ndinatipeza m'mawa mwake m'kontena, titabisidwa m'firiji chakumbuyo, kuseri kwa mkaka. Ndinatenga titatu kupita nato kuntchito, n'kudya tozizira pa nthawi yopuma, nditaima pawindo la chipinda cha ogwira ntchito.

Mng'ono wanga sanaisiye pomwepo nkhaniyo. Anakafunsa kwa bwana wake tsiku la maliro, chinthu chimene ine sindinachitepo pa zaka zanga zonse. Anadikira masabata atatu, pakuti kuno maliro sathamangira, ndipo anasinthana shifiti ndi mnzake kuti apezekeko. Anandipempha kuti ndimuperekeze pagalimoto chifukwa mabasi a kumeneko sankawadziwa. Linali tsiku langa lopuma lokhalo sabata imeneyo, koma ndinavomera.

Kunali kamvula kowaza. Anavala diresi lakuda ndi mpango kumutu, n'kundifunsa ngati ndilowe nawo. Ndinati ndimudikira panja, munthuyo sindinkamudziwa. Ndinamuona akulowa yekha kumbuyo kwa azungu ochepa ovala makhoti aatali. Ndinatsitsa mpando pang'ono kuti ndiwongole msana, ndipo ndinagona nthawi yomweyo.

Anandidzutsa ndi kugogoda pagalasi. Atalowa anati mwambo wonse sunathe ndi theka la ola lomwe, anthu analipo asanu ndi anayi, iye wakhumi. Anati mwana wa malemuyo anamuzindikira, n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Analira, achemwali," anatero akumanga lamba. "Kungoti amalirira m'kati."

Ndinaliza galimoto. Panjira tinaima pamsika kugula matemba ndi masamba a maungu kwa mayi wina amene amagulitsa za kwathu, chifukwa iye anati lero aphika ndi iyeyo, ine ndikagone.