Tsiku Limene a Palibevuto Anati Pali Vuto

Anawapeza atakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu, msana atatsamira mwendo wa makina osokera, thukuta lili kamukamu pomwe kunja kunali kozizira. Manja ankanjenjemera, milomo ikuyenda koma mawu osamveka.

Amene anawaona ndi mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu yawo, amene anabwera kudzabwereka sizasi. Mwamwayi, mayiyu anadwazikapo mayi ake matenda a shuga, choncho sanataye nthawi ndi mafunso. Anathamanga n'kukasungunula shuga m'kapu ya madzi, ndipo ataona kuti akutha kumeza, anawamwetsa pang'onopang'ono. Taganizani, inu owerenga: munthu amene ankathawa shuga ngati njoka, anadzutsidwa ndi shuga yemweyo.

Mphamvu zitayamba kubwerera, mayi uja anawafunsa ngati akupeza bwino. Telala wathu, ali pansi pomwepo, ulusi utawamata m'tsitsi, anayankha kuti, "Palibe vuto."

Dzinatu analitengera pamenepo. Mukabwera ndi nsalu yoperewera n'kunena kuti mukufuna suti yonse, palibe vuto. Mukafuna diresi mawa m'mawa pomwe anthu ena ali kale pamzere, palibe vuto. Msewu wonse unaiwala dzina lawo lenileni n'kumangowatchula kuti a Palibevuto. Anali munthu wa mtima wabwino komanso wa manja aluso, koma mawu oti "ayi" ankawakanirira pakhosi ngati munga wa nsomba.

Matendawa anabwera mwakachetechete. Ludzu silinkatha, ndipo ulendo wa kuchimbudzi unachuluka moti makasitomala ankaseka kuti telala watsegula shopu ina kuseri. Kenako maso anayamba kuchita chifunga, kabowo ka singano n'kuyamba kuwathawa. Kuchipatala anawauza kuti ndi shuga, anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti abwerenso kudzaonana ndi mlangizi wa zakudya. Iwo anati palibe vuto, ndipo sanapitenso chifukwa ntchito inali itaunjikana patebulo.

Pa shelefu yapamwamba m'shopumo panali nsalu yoyera yokulunga m'pulasitiki. Inali ya diresi la ukwati la mwana wawo wamkazi womaliza, amene onse ankangomutcha Mzime. Mwanayu anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu, akuveka zidole zake zidutswa, ndipo bambo ake anamulonjeza kalekale kuti diresi lake silidzasokedwa ndi manja a munthu wina. Anali atasokera ana a eni madiresi osawerengeka. Tsopano nthawi ya mwana wawo itakwana, ulusi woyera pa nsalu yoyera sankauona n'komwe. Izi sanauze munthu. Mzime akafunsa kuti ayamba liti, inu mukudziwa kale yankho lake.

Kunyumba nako, chikondi chinawazinga mbali ziwiri.

Akazi awo anataya mchimwene wawo ndi matenda a mtima, ndipo chiyambire maliro amenewo ankakhulupirira kuti mdani wa munthu ndi mafuta. Atamva za shuga, anabisa botolo la mafuta ophikira, n'kuletsa mazira, mtedza, mapeyala ndi nyama. A Palibevuto anavomera.

Mzime naye anali atawerenga pa foni yake kuti chimene chimakweza shuga ndi zakudya zokhutitsa. Analetsa buledi, mpunga, mbatata ndi nthochi, mpaka nyemba nazo anazikayikira. A Palibevuto anavomeranso.

Mayi akaika chakudya m'mbale, mwana ankadutsa n'kuchotsamo cha kumbali yake. Mwana akaikamo dzira, mayi ankalichotsa mwakachetechete n'kupatsa mdzukulu wawo amene ankakhala nawo pakhomopo. Chimene chinkafika pamaso pa mwini nyumba chinali kabichi wowiritsa m'madzi, wotuwa ngati nsanza yokolopera. Iwo ankadya, n'kuthokoza, n'kumwa mapiritsi awo m'mimba muli pululu.

Koma njala ilibe ulemu. Masiku ena ikawapana masana, ankazemba kuseri kwa shopu n'kugugudiza botolo la chakumwa chotsekemera ndi mabanzi awiri, kenako n'kupukuta pakamwa ngati mwana wakuba. Shuga m'thupi ankangokwera ndi kutsika ngati singano ya makina awo, ndipo maso anapitirira kuchita chifunga. Tsiku limene anagwa lija sanazembe kuseri. Anafuna kumvera onse awiri mokhulupirika, ndipo kumverako n'kumene kunawagwetsa.

Tsiku lomwelo anawagoneka kuchipatala, ndipo akazi awo anakhala mbali iyi ya bedi, Mzime mbali inayo. Mlangizi wa zakudya, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, atalowa n'kufunsa kuti bambowa amadya chiyani, awiriwo anayankhira limodzi. Mayi anati mwanayu ndiye wawapha ndi njala bambo ake powamana mpunga. Mwana anati mayi ndiwo achotsa chilichonse chopatsa mphamvu. Ankakangana motsitsa mawu poopa odwala ena, koma aliyense misozi ili m'maso, chifukwa onse ankaopa chinthu chimodzi.

Mlangizi anawasiya mpaka anatopa. Kenako anakoka mpando n'kuyang'ana wodwala.

"Bambo, awa ndawamva. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inuyo mukuti bwanji?"

Pakamwa panatseguka pokha, mwachizolowezi. "Palibe..." Anaima. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mwana wawo, ndipo mwina kwa nthawi yoyamba chiyambire utelala anamaliza mwanjira ina.

"Pali vuto. Ndili ndi njala, mayi. Komanso iwe mwanangu, nsalu yako ija sindinaiyambe chifukwa ulusi woyera sindikuuona."

Mzime anagwira dzanja la bambo ake n'kuyamba kulira, akunena kuti diresi likhale, akhoza kukabwereka, iye akungofuna bambo ake amoyo. Koma bambowo anapukusa mutu. Kwa iwo diresilo silinali nsalu chabe. Likawakanika, ankadziwa kuti utelala wathera pomwepo.

Mlangizi sanaweruze kuti wolakwa ndi uyu. Anati akazi awo sananame, ndipo Mzime naye sananame. Alipo odwala shuga amene amachepetsa zamafuta n'kumadya zokhutitsa zosakonola kwambiri, moyeza, ndipo zimawayendera. Aliponso amene amachepetsa zokhutitsa n'kusiya mafuta pang'ono m'ndiwo, ndipo nawo zimawayendera. Chimene sichiyenda ndi kuchotsa zonse ziwiri nthawi imodzi, uku ukumwa mapiritsi otsitsa shuga. Mapanga awiri avumbwitsa, anatero, ndipo bambowa mvula yawapeza ali pakati.

Akazi awo anafunsa kuti nanga njira yabwino koposa ndi iti. Mlangizi anamwetulira n'kutembenukira kwa telala.

"Kodi inu mumasokera anthu onse muyezo umodzi?"

"Ayi, mayi. Ndimayamba ndamuyeza munthuyo."

"Ndiye lero tikuyezani inuyo."

Anawafunsa mmene ankadyera asanadwale, ndipo zinaululika kuti tsiku lonse pa makina paja linkayenda ndi tiyi wa shuga wambiri, buledi woyera ndi zakumwa za m'botolo. Anawafunsa chimene akuchilakalaka kwambiri pa zonse zimene analandidwa. Aliyense ankayembekezera kuti anena buledi. Iwo, mwamanyazi, anati dzira lokazinga ndi mtedza wokukuta posoka. Zitatero njira inaoneka yokha. Anasankha kuchepetsa zokhutitsa, osati kuzithetseratu: mpunga kapena mbatata zofanana ndi chibakera chawo, theka la mbale likhale ndiwo zamasamba zothira mafuta pang'ono, mbali yotsalayo nyemba, nsomba, dzira kapena nkhuku. Zakumwa zotsekemera zokha ndiye anatsanzikana nazo, kupatula maswiti ochepa m'thumba odikirira tsiku limene shuga angadzatsikenso mwadzidzidzi.

Mantha a akazi awo sanatayidwe kunja. Mlangizi anati mafuta oundana a panyama azichotsedwa, zokazinga m'mafuta osambira zikhale za apo ndi apo, ndipo mtima ndi kuthamanga kwa magazi ziziyezedwa nthawi zonse akabwera. Dokotala naye anasintha mlingo wa mapiritsi kuti ugwirizane ndi kadyedwe katsopanoka, n'kuwachenjeza kuti asadzadumphenso chakudya atamwa mankhwala.

Panatsala nkhani ya maso. Ameneyo ndiye anali mwala pamtima pawo. Dokotala wa maso anawathira mankhwala, n'kuwaunika mkati kwa nthawi imene kwa iwo inaoneka ngati chaka. Pomaliza anati matendawa anali asanawononge mkati mwa diso. Chifungacho chinkabwera chifukwa cha kukwera ndi kutsika kwa shuga, ndipo akakhazikika chikhoza kuyera, bola azibwera kudzaunikidwa chaka chilichonse. A Palibevuto anatulutsa mpweya wautali ndi chisangalalo. Akazi awo, amene sankakonda zogwirana manja pagulu, anawagwira mkono mpaka pamsewu.

Musaganize kuti kuchokera apo zonse zinangoyenda myaa. Masabata oyamba, kampunga kofanana ndi chibakera kankaoneka ngati chipongwe. Tsiku lina kasitomala anawabweretsera keke yowathokoza, ndipo inatha isanafike kunyumba. Kusiyana kwake n'kwakuti madzulo ake anaulula okha patebulo, shuga atamuyeza n'kupezeka atakwera, ndipo m'mawa mwake anayambiranso. Anayamba kuyenda wapansi popita kuntchito. Pa benchi ya kuchipatala anapalana ubwenzi ndi dalaivala wina amene anasankha njira inayo, yochepetsa zamafuta, chifukwa iye popanda mpunga wooneka ndi maso sankagona tulo. Ankanyozana kuti wina ndi mbuzi yodya masamba, winayo ndi mpheta yotola mpunga, koma onse awiri malamba ankasunthira bowo lam'kati.

Makasitomala nawo anadabwa. Munthu akabwera ndi zofuna mawa m'mawa, telala ankamuuza mwaulemu kuti pali vuto, abwere sabata yamawa. Ena ananyanyala, koma ambiri anakondwa, chifukwa sabata yamawayo inkakhaladi sabata yamawa. Nthawi ya nkhomaliro ankatseka makina n'kudya atakhala pansi ngati munthu.

M'mawa uliwonse asanayambe ntchito, ankatenga singano ndi ulusi woyera n'kuyesa pawindo. Ankaphonya, n'kubweza singano pa kapilo kake osadandaula. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwo anadekha, ngakhale tsiku la ukwati linkayandikira ndipo Mzime anali atayamba kale kufunsira mwamseri kobwereka diresi.

Tsiku lina Mzime anawabweretsera chakudya chimene anaiwala kunyumba, ndipo anawapeza ali pawindo paja. Anaima pakhomo n'kumawaonerera. Bambo ake ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi milomo, anakweza singano, n'kuphonya. Anayesanso. Ulusi unalowa n'kutulukira mbali inayo.

Anauyang'ana kwa kanthawi ngati sakukhulupirira. Anausolola, n'kuulowetsanso kuti atsimikize kuti si mwayi. Unalowa. Pamenepo ndi pamene anaona mwana wawo pakhomo.

"Tsitsa nsalu ija pamwambapo. Ndipatsenso tepi, ndikuyeze."

Mzime anaika mbale pansi akuseka uku akupukuta m'maso, n'kufunsa ngati nthawi yotsalayi ikwanadi. Bambo ake anayang'ana nsalu, anayang'ana kalendala, anaganiza kaye monga anali ataphunzirira, n'kuyankha kuti, "Palibe vuto." Ndipo ulendo uno zinali zoona.

Diresilo linasokedwa, ndipo linamukhala ngati anabadwa nalo. Pa tsiku la ukwati telala anayenda pambali pa mwana wawo atavala thalauza imene anaibweza okha m'chiuno. Pa chakudya anatenga mpunga wa chibakera chimodzi, akazi awo n'kuwaikira okha nyama atachotsa mafuta ake.

Shuga sanathe, ndipo mapiritsi akumwabe mpaka lero. Koma makina aja akulirabe mumsewu uja.

Inu amene mwauzidwa kuti muli ndi shuga, ndipo aliyense wokukondani wabwera ndi lamulo lake, musamangovomera zonse kuti musakhumudwitse anthu. Pitani kwa achipatala, nenani zoona za mmene mumadyera, nenani pamene pakupweteka, ndipo musankhe nawo njira imene mungaitsate lero, mawa ndi chaka chamawa. Mukapunthwa, dzukani m'mawa muyambirenso. Ulusi ukakana kulowa lero, nyowetsani nsonga muyesenso mawa. Osataya mtima.