Mphatso Siisiyidwa Panjira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene achimwene anga anakwatira. Amalume anandiika m'gulu la aperekezi. Ine ndinkayesa ntchito yake ndi kuvala kabudula watsopano ndi kudya mpunga.

Ukwati utadalitsidwa ndipo titadya, tinanyamuka kukatula achimwene kuchikamwini, kumudzi kwa akazi awo, tsidya la mtsinje. Mvula inali itagwa kumtunda. Madzi anali ofiira, olekeza m'chiuno. Akwati ndi abale a mkazi anawoloka. Ife a kuchimuna tinayamba kubwerera mmodzimmodzi. Inenso ndinatembenuka, poti kabudula uja ndinkamukonda. Achimwene anaima tsidya lija akutiyang'ana.

Amalume anandigwira khutu. Anati mwamuna wofika yekha kuchikamwini amayesedwa wopanda abale, ndipo amanyozeka mpaka imvi.

"Iwe, mawu akuti mperekezi anachokera kuti?"

Anadziyankha okha:

"Anachokera ku kupereka. Tikukapereka munthu. Kodi mphatso amaisiya panjira?"

Anavula jekete, naliika pamutu, nalowa m'madzi. Anali munthu wodwala chifuwa. Ine ndinasenza mphasa ya achimwene n'kuwatsatira. Tinafika tikunjenjemera, matope thupi lonse. Apongozi a achimwene anatuluka akululutira. Achimwene anakalambira m'mudzimo ndi ulemu wawo.

Lero ndikukhala ku Mirrabooka, m'dziko lakutsidya kwa nyanja, kwa mwana wanga. Chaka chatha mdzukulu wanga Tadala anakwatiwa ndi mnyamata wa kumigodi, amene amachoka masabata awiri n'kudzakhala pakhomo masiku ochepa. Atsikana omuperekeza analipo asanu, madiresi ofanana, mastepe ovinira ophunzira mwezi wathunthu. Ndinawauza mawu a amalume. Anamwetulira mwaulemu, nayankha m'Chingerezi. Mumtima ndinati awa ndi okongoletsa zithunzi basi.

Pa mmodzi ndinalakwa. Mwamuna ali kumgodi, Tadala anagonekedwa m'chipatala ku Fremantle. Ndinakwera basi, kenako sitima. Pambali pa bedi ndinapeza mmodzi wa atsikana aja, Misozi wa ku Zambia, akadali mu yunifolomu ya sitolo ya ku Morley. Linali tsiku lachitatu akubwera akaweruka.

"Agogo," anatero, "si munakamba kuti mphatso sitisiya panjira?"

Tsopano ndikudziwa kuti mtsinje uja uliponso kuno. Mperekezi sadziwika pa tsiku la mpunga. Amadziwika madzi akakwera.

Ine sindivulira ana chipewa. Tsiku limenelo ndinamuvulira Misozi.