Ekiselo Imene Inagona M'phulusa

Tsiku limene mbatatesi ya mabanja khumi ndi anayi inagubudukira mumtsinje, Niyat Karim anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, manja ali kumutu. Pikapu imene ankayendetsa inali itagwada chakumbuyo. Tayala limodzi linali litapita lokha kuphompho, ndipo matumba ankang'ambika pamiyala iye akuona.

Inu amene mukuganiza kuti dzina lanu linaipa moti silingakonzekenso, mverani za munthu ameneyu.

Pikapuyo inali ya mudzi wonse. Kwathu kuno kumapiri, kumtunda kwa Gilgit, msewu ndi umodzi wokha, wosemedwa m'thanthwe. Chipale chofewa chikagwa, umatsekeka miyezi isanu. Mbatatesi ikapanda kutsikira kumsika nthawi yake, thukuta la chaka chonse lapita pachabe.

Dzulo la tsiku la ngoziyo, ekiselo ya kumbuyo, chitsulo chija chimagwira matayala awiri, inali itachita mng'alu pamiyala. Niyat anaiwotcherera yekha. Ataona kuti ikuchedwa kuzizira, anatunga madzi mumtsinje wathu, aja otsika kumadzi oundana a pamwamba pa phiri, n'kuthirapo. Chitsulo chinalira kuti tswee, iye n'kukondwa kuti wachita changu. Sanadziwe kuti chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimasanduka ngati galasi: cholimba pochiona, koma chosachedwa kuthyoka.

Mwa chifundo cha Mulungu panalibe amene anafa. Koma chaka chimenecho mudzi unadya mopinimbira, ndipo Niyat anapatsidwa dzina latsopano: Madzi Ozizira.

Hunar Baig, amene anakwatira mlongo wake wa Niyat, ndiye ankayang'anira galimotoyo. Anatambasula dzanja pamaso pa anthu.

“Alamu, bweretsani makiyi. Inu muziyendetsa bulu. Ameneyo ekiselo yake sithyoka.”

Nyengo yozizira itatha, Niyat ananyamula kachikwama kuti apite kutauni. Panjira anakumana ndi Bibi Zaibun, mayi wamasiye amene anataya matumba asanu ndi anayi pangoziyo. Anafuna kuwazemba, koma mayiwo anaima pakati pa njira, atanyamula mkate wokulunga m'kansalu.

“Amayi, ine ndi uja ndinakutayirani mbatatesi.”

“Ndikudziwa, maso anga sanakalambe. Tenga. Mkate uwu ndinaukwirira m'phulusa dzulo, ndaufukula lero. Ukaufulumiza, kunja umapsa koma m'kati muli phala. Pita, mwanawe, Mulungu akutsogolere.”

Ku Gilgit magalaja asanu anamukana. Wachisanu ndi chimodzi anali wa mkulu wina wosayankhulayankhula, Ustad Ramal Shah (Ustad ndiye kuti mmisiri wophunzitsa ena), amene anangomulozera tsache. Chaka chathunthu Niyat ankasesa ndi kutsuka mabawuti m'palafini. Sanakhudzepo makina owotcherera. Koma m'mawa uliwonse mkuluyo ankathira tiyi wamchere m'makapu awiri, n'kusiya imodzi pafupi ndi tsache.

Tsiku lina kunabwera galimoto ya ekiselo yong'aluka. Niyat anaona Ustad akutenthetsa ekiseloyo pamakala asanaiwotcherere. Atamaliza, anaikokera m'ngolo yodzaza phulusa n'kuikwirira yonse. Niyat anasiya kusesa.

“Ustad, kodi mukuphika mkate?”

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Zaka makumi atatu, iwe ndiwe woyamba kufunsa funso lanzeru pagalaja pano. Inde, ndi mkate. Moto ulowe pang'onopang'ono, utulukenso pang'onopang'ono. Wakuuza ndani?”

Apo Niyat anaulula zonse: madzi a mumtsinje, tayala, mbatatesi, dzina lija, ndi mkate wa Bibi Zaibun. Ustad anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anavula chotchingira kumaso powotcherera n'kumuveka.

“Amene anathyolapo imodzi ndi amene ndingamuphunzitse. Enawa amadziyesa odziwa.”

Zaka zinayi anaphunzira. Anadziwa kumanga ulusi kuchokera kumapeto kufika kumapeto kuti aone pamene ekiselo yapindika. Anadziwa kuiwongola ndi jeke ndi tcheni, ndiponso kuiikira msana wachitsulo pamwamba kuti ipirire miyala. Manja ake anadzaza zipsera. Mawu ake anachepa ngati a mphunzitsi wake.

Patatha zaka zisanu anabwera kumudzi nthawi yokolola kudzaona mlongo wake. Anapeza anthu atazungulira pikapu ija. Ekiselo imene anthu a mudzi anagula pambuyo pa ngozi inali itapindika n'kung'aluka, mafuta akudontha pansi. Matumba anali ataunjikidwa pabwalo, ndipo mitambo yakuda inali itakuta kale nsonga za mapiri. Kuitanitsa ina kutauni kukanatenga mlungu wathunthu. Mlungu umenewo panalibe.

“Ndiloleni ndiikonze,” anatero Niyat.

“Abale, bisani ndowa!” anafuula Hunar Baig. “A Madzi Ozizira afika!”

Anthu anaseka, ena mowawidwa mtima. Niyat anangoyang'ana pansi. Ndiye Bibi Zaibun anayankhula ali kumbuyo kwa gulu.

“Kodi pali wina pano wodziwa kuposa iyeyu? Ngati palibe, musiyeni agwire. Matumba anga ndiwo akhale oyamba kukwera.”

Anthu anapatuka n'kupatsa Niyat njira.

Niyat anamasula ekiselo, anachotsa zam'kati mwake zonse, anamanga ulusi wake. Anaitenthetsa, anaiwongola, anawotcherera mng'alu uja, n'kuiikira msana wa chitsulo chochindikala. Dzuwa litapendeka anakumba ngalande yaitali ngati munthu.

“Tsopano ndikufuna phulusa lotentha. Lambiri.”

Amuna anayang'anana. Amayi ndiwo anamvetsa msanga. Posakhalitsa anayamba kutuluka m'nyumba ndi mabeseni, aliyense atapala pamoto pake. Ngakhale mabanja amene sanamupatse moni zaka zisanu anatumiza lawo. Mayi wina anabwera ndi lodzaza mbale yaing'ono chabe, n'kupepesa kuti ndi lokhalo linalipo. Niyat analilandira ndi manja awiri.

Anaikwirira ekiselo ija n'kunena kuti isakhudzidwe mpaka mawa masana.

Kunacha kukuzizira koopsa. Chipale chinali chitatsika mpaka pakati pa phiri. Anthu ankabwera kudzayang'ana mulu wa phulusa, n'kuyang'ana kumwamba, n'kubwerera. Hunar Baig anazungulira katatu, kenako anagwada pafupi ndi mlamu wake. Ulendo uno sankaseka.

“Alamu, taonani kumwambaku. Mtsinje uli pompa. Kandowa kamodzi kokha, tinyamuke.”

“Alamu, ndinathirapo kale kamodzi. Mukukumbukira chimene tinadya chaka chimenecho.”

Anatero n'kupita kukapemphera. Atabwerako anakhala pambali pa phulusa lake, manja ali m'kwapa.

Dzuwa litafika pamutu, analowetsa dzanja m'phulusa. Chitsulo chinali chofunda ngati thupi la munthu. Anachifukula, anamanganso ulusi: chinali chowongoka. Anabwezeretsa zonse m'malo mwake, anathira mafuta, ndipo matumba anakwera, a Bibi Zaibun poyamba.

Dalaivala wa mudzi anatulutsa makiyi n'kuyang'ana kwa Hunar Baig. Hunar anawatenga, anawaika m'dzanja la Niyat, iye n'kukwera mpando wa pambali.

“Ikathyoka, tithyokere limodzi. Mlongo wanu alire kamodzi kokha.”

Anatsika pang'onopang'ono. Atafika pokhota paja, pamene panali mwala umene Niyat anakhalapo manja ali kumutu, Niyat anachepetsa liwiro. Tayala lakumbuyo linakwera thanthwe, galimoto inapendeka, matumba anatsamira kuphompho. Kenako inakhazikika n'kupitirira.

Patapita kanthawi Hunar anapuma mokoka.

“Alamu, bulu uja ndamuganizira bwino. Ndizimuyendetsa ndine.”

Anayenda maulendo anayi m'masiku awiri. Tsiku lachitatu msewu unatsekeka, koma pabwalo sipanatsale thumba ngakhale limodzi.

Lero Niyat ali ndi galaja yake pamene msewu wathu umakumana ndi msewu waukulu. Madalaivala a zigwa zitatu amabwera ndi ma ekiselo awo kwa iye, ndipo onse amadziwa kuti akafika kumeneko sachoka tsiku lomwelo. Dzina lakale lija linaiwalika. Tsopano amamutchula Ustad Phulusa. Yense wobwera kudzapempha ntchito amapatsidwa tsache, ndipo m'mawa amapeza kapu ya tiyi pambali pake. Bibi Zaibun anamwalira chaka chatha. Niyat ndiye anatsogola ponyamula maliro.

Mwina nanunso munathyolapo chinthu chimene sichinali cha inu nokha, ndipo anthu anakupatsani dzina. Musathawe manyazi anu. Ndiwo adzakuphunzitseni ntchito. Landirani mkate umene wina akukupatsani ngakhale mukuona kuti simukuyenera. Ndipo pamene onse akukukakamizani kuti muthire madzi, dikirani. Mulungu sanakuiwaleni m'phulusamo. Musataye mtima: chimene chazizira pang'onopang'ono sichithyoka.