Chijasi cha adada chopsa mkono

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaba koyamba, ndipo chimene ndinabacho chinali cha m'nyumba mwathu momwe. Chinali chijasi cha adada.

Adada kwawo kunali ku Dedza, koma ntchito ya zankhalango inawabweretsa ku Luwawa, kumene anakwatira amama, Mtumbuka wa kufupi ndi pa Boma la Mzimba. Ntchito yawo inali yokwera pansanja n'kumayang'anira moto m'nkhalango ya paini. Amene anakhalako ku Luwawa akuidziwa mphepo ya kumeneko, yolowa mpaka m'mano, motero adada ndi chijasi chawo sankasiyana. Chinali chakuda, cholemera, chofika m'mawondo, ndipo mabatani ake atatu anali osafanana. Chinkanunkhira utomoni wa paini ndi utsi. Adada akaweruka ndinkawathamangira, iwo n'kutsegula mbali imodzi ya chijasicho, ine n'kulowamo, basi n'kumayenda tonse mpaka pakhomo ngati munthu mmodzi wa miyendo inayi.

Anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Misewu inali itawonongeka ndipo galimoto yoti inyamule maliro mpaka ku Dedza sinapezeke, choncho anaikidwa kumudzi kwa amama. Abale a ku Dedza uthenga unawapeza mwambo utatha kale, ndipo nkhani imeneyi inawakhala pamtima.

Mu Juni kunabwera azakhali, mlongo wawo wa adada, kudzagawa katundu, popeza ifenso tinkayenera kutuluka m'nyumba ya kuntchito. Amama anaitanitsa mlongo wawo, amene ife tinkamutchula kuti asibweni, kuti adzakhalepo. Kunena zoona azakhali sindinawakonde. Anali mayi wamfupi, wa mawu akuthwa, woyang'ana chilichonse ngati akufuna kuchigula. Anafika akunjenjemera ndi kachitenje kamodzi paphewa, koma amama atawapatsa juzi anakana, amvekere sanabwere kudzapempha zovala.

Tsiku lomwelo ndikutsuka mbale kuseri ndinawamva akuuza amama kuti, "Zinazo tikambirana, alamu, koma chijasi cha achimwene chokha ndipita nacho."

Mtima unandipweteka. Mayi ameneyu adada sanawadwazikeko, manda awo sanawaone, lero akufuna kunyamula chinthu chokhacho chimene chinkandibwezera adada ndikachinunkhiza? Kutacha, potuluka kukatunga madzi, ndinachikulunga m'thumba la feteleza n'kukachibisa mu udzu wautali m'mphepete mwa nkhalango, pafupi ndi chitsa chimene ndinkachidziwa. Ndinabwerako ndi ndowa yanga pamutu, nkhope ili yosalala ngati ya mwana wa kwaya.

Dzuwa litakwera anatulutsa katundu yense pabwalo: njinga, wailesi, mabulangete, mipando iwiri, nkhwangwa ndi mbale. Nkhani inayamba ndi pemphero, koma sinachedwe kutentha.

"Kuno kwathu mlamu analowola," anatero asibweni. "Ana ndi ake, katundu ndi wa ana. Mbwenu nkhani yatha."

"Kwathu sitimatero," anayankha azakhali. "Katundu wa mwamuna amabwerera kumtundu wake. Munthuyu sanagwe mumtengo, ali ndi kwawo."

Anakokanakokana panjinga mpaka ndinkaona ngati aithyola pakati. Kenaka mwadzidzidzi azakhali anaikankha. "Tengani njingayo, tengani ndi wailesi yomwe. Chijasi chili kuti?"

Amama analowa m'nyumba. Ndinawamva akusuntha bedi, akutsegula sutikesi, akukutumula dengu la zovala. Anatuluka chimanjamanja.

Azakhali anaimirira pang'onopang'ono. "Mtembo munatibisira kuno. Lero mwabisanso chijasi?" Anayang'ana asibweni kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kapena chinapita kale kwa alongo anu?"

"Yayi, alamu, ndapota," amama anatero mochonderera. "Dzulo lomweli chinali pamsomali. Ine ndingabe chovala cha mwamuna wanga?"

"Ndiye chauluka. Chabwino. Kuyambira lero ku Dedza mulibeko abale. Anawa musadzavutike kuwabweretsa."

Anayamba kumanga kamtolo kawo. Amama anakhala pansi n'kufunda chitenje kumaso. Ine ndinali chikhalire pakhonde ndi mng'ono wanga. Ndinkaona amama akutchedwa wakuba chifukwa cha ine, komabe mtima wina unkandiuza kuti ndingopirira pang'ono, mayiyu akwera galimoto, chijasi chikhala changa. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira kutalika kwa nthawi imene ndinakhala chete.

Amene anasintha zinthu anali asibweni, omwe aja ankalusa panjinga. Anakanda kumutu n'kufunsa mofatsa, "Kasi alamu, njinga mwaikana, wailesi mwaikana. Chijasi chakale chomene ngati chimenechi mukachita nacho chiyani?"

Palibe amene anali atawafunsapo funso limenelo. Azakhali anasiya kumanga mtolo. Anati chijasicho chinali cha bambo awo, chimene anabwera nacho kuchokera kumigodi ya ku Joni, ndipo agogo, amayi awo a adada, ndiwo anawaveka adada ndi manja awo tsiku lokwera basi yobwera kuno kozizira. Tsopano agogowo maso anali atafa. Chimvereni uthenga wa maliro sanalirepo, ankangoti mwana wawo ali kuntchito, popeza bokosi lake sanaligwire.

"Anandiuza kuti, ukandibweretsere chijasi chija, ndikachigwira ndi pamene ndivomere," anatero azakhali. "Ndiye ndikawauza chiyani ine?"

Ndisanameze n'komwe mawu amenewo, ndinamva fungo la utsi. Mwezi wa Juni anthu a zankhalango amatentha udzu wa m'mphepete mwa nkhalango usanaumitsitse, kuti moto wolusa ukadzabwera chilimwe usadzapeze polowera. Mwana wa mlonda wa moto ndinayenera kuzidziwa zimenezi kuposa wina aliyense, koma ndinali nditaiwaliratu. Utsiwo unkafuka mbali yomweyo ya chitsa changa.

"Chijasi chikupsa!" ndinakuwa, n'kuliyatsa liwiro.

Ndinapeza anzawo a adada atandandalika ndi nthambi zozimitsira moto, malawi ali thethethe mu udzu. Ndinkafuna kudumphiramo, koma bambo wina anandigwira pamkono, mnzake n'kukoka thumbalo ndi mtengo. Linali litasungunuka mbali imodzi. Chijasi chinapulumuka, koma mkono wake wakumanzere unapsa mpaka m'chigongono.

Pobwerera ndinakumana ndi onse atatu panjira, akubwera wefuwefu. Ndinayembekezera khofi la amama, koma amene anayamba kuyankhula anali azakhali.

"Iwe Wezi, unabisiranji?"

"Chimanunkhira adada," ndinayankha, misozi ili mbwembwembwe.

Azakhali anachilandira n'kuchiika kumphuno. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mayi wolimba uja analira ngati kamwana pakati pa njira, ndipo amama, omwe aja anangotchedwa kumene wakuba, ndiwo anawagwira kuti asagwe. Atatonthola azakhali anati, "Alamu, pakamwa panga pandilakwitsa." Amama anangoti, "Yewo, alamu, zatha," n'kuwaveka juzi ija, ndipo ulendo uno sanaikane.

Chilango changa sichinali mkwapulo. "Wabisa ndiwe, wawotcha ndiwe," anatero amama. "Mbwenu ukapereke wekha kwa agogo ako, ukafotokozenso wekha za mkonowo."

Motero patapita masiku awiri tinakwera basi pa Boma, ine ndi azakhali, chijasi chili pamiyendo panga. Agogo tinawapeza pakhonde akusenda nyemba mongopapasa. Ndinagwada n'kuwaika chijasicho m'manja. Anagwira kolala, anagwira mabatani limodzilimodzi, kenaka zala zawo zinafika pamkono wopsa uja n'kuima. Ndinaulula zonse, osasiyako kanthu. Anakwirira nkhope m'chijasimo n'kuyamba kubuma, kuitana adada ndi dzina lawo la paubwana limene ine sindinkalidziwa n'komwe. Anthu a m'mudzimo anasonkhana, ndipo maliro amene anachedwa miyezi inayi analiridwa tsiku limenelo.

Anthu atabalalika, agogo anavala chijasicho pamwamba pa chitenje chawo. Kenaka anatsegula mbali imodzi n'kunena kuti, "Ali kuti wakuba uja? Lowa muno." Ndinalowamo. Apo ndi pamene ndinadziwa kumene adada anatengera chizolowezi chimenechi, ndiponso kuti iwonso analowamo m'chijasi chomwechi ali mwana.

Ndinkaganiza kuti adada anali anga ndekha. Sindinkadziwa kuti analinso mwana wa munthu wina ndi mlongo wa munthu wina, ndipo onsewo ankawasowa monga ine. Tsopano ndakula, ndakhalapo pa magawano a katundu angapo, ndipo ndaona kuti nthawi zambiri wokuwa kwambiri pa mpando kapena mphika sakulira mpandowo ayi. Amama atatisiya, tisanakhudze kanthu kalikonse ndinafunsa aliyense funso la asibweni lija, kuti chimene ukufunacho ukachita nacho chiyani. Tinalira kwambiri tsiku limenelo, koma sitinakangane.

Agogo atamwalira, azakhali anakwera okha basi kudzandipatsa chijasicho ku Mzimba. Fungo la utomoni linatha kalekale, ndipo mkono uja sindinausoketse. Ku Dedza, kumene ndinatsala pang'ono kudzitsekera ndekha ndi thumba la feteleza, ndimapitako chaka chilichonse ndi ana anga. Azakhali akalamba tsopano, koma mawu akadali omwe aja. Akangondiona ndikulowa pabwalo amakuwa kuti mudzi wonse umve, "Bisani zovala, wakuba uja wafika!" Kenaka amatuma ana kuti agwire nkhuku.