Pulatinamu wa a Fanuelo Anali Pansi pa Nkhuku

A Fanuelo Wilisoni a ku Likangala anapita ku Joni pa Theba ali mnyamata, nakagwira ntchito ku mgodi wa pulatinamu zaka zisanu ndi chimodzi. Pobwera mu 1988 anafika ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chosamva mankhwala. Chitsulocho sanachionepo ndi maso, iwo ankangoswa miyala pansi pa nthaka. Koma ukawaputa, dzuwa linkalowa uli chiimire: ati pulatinamu ndi wodula kuposa golide, ati amamuika m'paipi ya utsi wa galimoto kuti utsiwo usamapweteke anthu.

"Chitsulo chodula achiike kotulukira utsi? Bambo a Wisdom, muzinamako pang'onopang'ono," ankatero akazi awo, a Esinati.

Mudzi wonse unkaseka nawo, ndipo mkuluyu zinkamuwawa. Chaka china atamva kuti golide wapitirira pulatinamu pa mtengo, anagona ndi njala ngati kwagwa maliro a mbale wawo.

Kenaka namondwe wa Freddy anakokolola mpunga wonse, mbewu yomwe osatsala. Nthawi yofesa nazale inayandikira iwo manja ali m'khosi. Mantha anali pa munda wawo wa ku sikimu ya mpunga, poti ukaugoneka umapatsidwa kwa ena. A Esinati anaganiza zogulitsa chigalimoto cha mwana wawo Wisdom, chimene chinafa injini n'kusanduka moikira nkhuku kuseri kwa nyumba. Anaitanitsa Bizweki, wogula zitsulo zakutha wa ku Songani.

Bizweki anafika ndi sikelo yake. Zitseko sanaziyang'ane, injini sanaigwire. Anangogona chagada pa zitosi n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Atadzuka anatchula mtengo wa pa kilo, wosakwanira n'komwe mbewu ndi feteleza, a Esinati n'kutsala pang'ono kuvomera.

"Taimani kaye, mayi a Wisdom," anatero a Fanuelo. "Achimwene, malaya oyerawo mwawadetsa chifukwa cha zitsulo za pa kilo? Galimotoyi tengani. Koma chotupa chili pakati pa paipi ya utsicho mundisiyire, muli pulatinamu."

A Esinati anagwira pakamwa ndi manyazi. Koma Bizweki sanaseke.

"Madala, mwazidziwira kuti zimenezi?"

"Ndinamukumba ndi manja angawa inu musanabadwe."

Anakanganirana mtengo mpaka mthunzi wa mango unasuntha. Mkulu amene anthu ankamuyesa wabodza uja anafotokoza za chitsulocho mwakuti Bizweki anangovula chipewa. Pomaliza anagula chotupacho pachokha, ndipo mtengo wake unawakhazika pansi a Esinati. Mbewu inagulidwa, feteleza anagulidwa, munda sunapite. Odandaula anali nkhuku zokha.

Tsiku lowokera mpunga, awiriwo ali m'matope ofika m'mawondo, a Esinati anaweramuka n'kupukuta thukuta.

"Bambo a Wisdom, za ku mgodi zija tandiuzeninso. Muyambire poyambirira, ulendo uno ndimvetsera."

A Fanuelo anatsokomola nthawi yaitali, misozi ili lengelenge, ndipo sichinali chifuwa chokha. Pempho limeneli analidikira zaka makumi atatu ndi zisanu. Anabzala mbande imene inali m'manja mwawo, nayamba: "Tinakwera ndege ku Chileka, ine nsapato ndilibe."