Thanthwe Lolowera pa Akaunti ya a Jestina

A Jestina akhala akuphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina ya kumalire, kumtunda kwa Dedza, kuyambira ali mtsikana. Ena mwa ana amene anawagwira dzanja powaphunzitsa kulemba anabwerako ndi madigiri n'kukhala mabwana awo pasukulu yomweyo. Zimenezi zinkawawawa, ndipo sankabisa. Ndiye yunivesite ina itawatenga kuti aphunzire digiri ali kunyumba, anapha tambala, mudzi wonse n'kudziwa.

Chinatsala n'chimodzi: kutsegula akaunti pa webusayiti ya maphunzirowo lisanakwane Lachisanu. Wolephera kutsegula, malo ake ankapita kwa wina.

Iwo anaiona ngati nkhani yaing'ono. Ataweruka anakhala pakhonde, chifunga chikutsika m'phiri, n'kulemba dzina lawo pafoni, n'kusankha pasiwedi. Webusayiti inati itumiza nambala yotsimikizira pa meseji. Anadikira mpaka tiyi anazizira m'kapu. Meseji imene inabwera inali ya Chipwitikizi, yowalandira ndi manja awiri ku Mozambique.

Kwawoko zimenezi si zachilendo. Mudziwo unatsamira malire, moti foni ikakhala pakhomo imagwira netiweki ya kutsidya, mwini wake asanasunthe ndi phazi lomwe. Anayesanso, n'kuyesanso. Kenako webusayiti inawauza kuti akaunti yatsekedwa chifukwa munthu wina wa kunja kwa dziko akufuna kulowamo.

M'mawa mwake anaimbira ofesi ya makompyuta ya yunivesiteyo. Anayankha mnyamata wina dzina lake Stefano, amene ankachita kumveka kuti akutafuna kanthu.

"Amayi, kuno kukuonetsa kuti muli ku Mozambique," anatero Stefano. "Maphunziro awa ndi a anthu okhala m'dziko muno."

"Achimwene, ndili pakhonde panga. Mbendera ya pasukulu pathu ndikuiona apa."

"Ine ndikungonena zimene makina akuonetsa. Ndakutsegulirani, koma ikatsekekanso ndiye mpaka sabata yamawa. Bwererani kaye ku Malawi, mukatero muyesenso."

Mawu amenewo anawabaya mumtima. Munthu amene mchombo wake unagwera m'nyumba yomweyo, amene wakhala akuimbitsa ana a eni nyimbo ya fuko m'mawa uliwonse chisanu chikuluma, lero auzidwe ndi mwana wotafuna chingamu kuti abwerere kwawo. Amene anakonza webusayitiyo ayenera kuti amaganiza kuti Malawi amathera pageti ya ofesi yawo. A Jestina anapsa mtima tsiku lonse, moti ana a Sitandade 4 anakhala chete osachita kuuzidwa.

Koma kupsa mtima sikukanatsegula akaunti, ndipo sabata yamawa malo akanakhala atapita. Pamwamba pa mudziwo pali thanthwe limene alimi a kachewere amakwerapo akafuna kuimbira ogula a ku Lilongwe, chifukwa netiweki ya kuno imagwira pokhapo. Lachinayi masana a Jestina anamanga chitenje n'kuyamba kukwera, mawondo akulira, mphepo ya Juni ikuwamenya kumaso.

Pamwambapo anapeza a Dominiko, mlimi woyandikana nawo nyumba, akudikira foni ya mwini lole.

"Aphunzitsi, nanunso mwayamba bizinesi ya kachewere?" anawaseka a Dominiko.

"Ayi bambo, ndabwera ku Malawi."

Anakhala pansi, n'kudikira kuti dzina la netiweki lisinthe pafoni, kenako n'kupempha nambala ija. Inabwera nthawi yomweyo, ngati kuti sinavutepo. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, choncho anailemba pang'onopang'ono, akudziwa kuti akaphonya basi zatha. Tsamba linatseguka. Dzina lawo linali pamwamba, phunziro loyamba lili m'munsi mwake.

Ankayembekeza kuti asangalala, koma mkwiyo unali usanathe. Webusayiti inawafunsanso ngati ikumbukire malo amenewa kuti ndi pamene azilowera nthawi zonse. Anayang'ana kumunsi n'kuona denga la nyumba yawo, utsi ukutuluka m'khitchini, ndi mtengo wa mapichesi umene anabzala malemu mayi awo. Anadina kuvomera.

Mpaka lero, tsiku la phunziro a Jestina amavala majuzi awiri n'kukwera phiri, kope lili m'khwapa. Yunivesite imawadziwa kuti ndi Mmalawi akakhala pathanthwe pamene mbuzi zimawothera dzuwa. Akatsikira kunyumba kumene anabadwira, imawayesabe mlendo.